Tsiku Limene Ndinayankha Mafunso Onse Molondola

Ndikukumbukira abale onse amene tinakhala nawo pakhonde la amayi m'mawa umenewo, ndipo ndiyamba ndi kuwatchula, popeza mwa onsewo wotsala ndine ndekha. Panali amayi anga, aNabanda, eni ake khondelo. Panali atsibweni anga a Sikisito, mlongo wawo wa amayi, amene mwa mwambo wathu anali mwini mbumba, kotero kuti nkhani iliyonse yokhudza ife ana a mlongo wawo inkathera pakamwa pawo. Panali akulu anga a Veronika, oyamba kubadwa kwa amayi. Ndiye panali ine, Rufina, wa zaka khumi ndi zisanu, nditangomaliza teremu yoyamba ya Fomu 1. Alamu anga a Gervazio, amuna awo a Veronika, sanalipo. Anali kuphiri la Dedza kumene ankacheka matabwa, ndipo kumudzi ankabwera pakutha pa mwezi. Panalinso mmodzi amene sanakhale nafe pakhondepo ngakhale kuti nkhani yonse inali yake: Dominiko, mwana wa a Veronika, wa miyezi khumi. Mwa chibale chathu ine ndinali mayi wake wamng'ono. Iyeyo tinamugoneka kuchipinda kwa amayi, n'kutseka chitseko.

Mudzi wathu uli pamsana pa chitunda, ulendo wapansi wa maola awiri kuchokera ku Bembeke. Inali nthawi ya tchuthi cha Khirisimasi, zipani zambiri zitangoyamba kumene m'dziko muno, pamene anthu ankakamba za ufulu mokweza pamsika, koma akaona galimoto yachilendo ankatsitsabe mawu. Mvula inali itakhazikika, chimanga chikufika m'mawondo, mapichesi akuthothoka okha n'kumawolera pansi pa mitengo, ndipo ntchentche zinali ponseponse.

Ndiyenera kufotokoza chimene tinamubisira mwanayo. Dominiko ali ndi miyezi isanu ndi itatu, a Veronika anazindikira kuti ali ndi pakati pena. Kwathu zimenezi timati kutumbiza, ndipo masiku amenewo mkazi akadziwika kuti watumbiza ankazemba kuchitsime pa nthawi imene anzake ali komweko. Manyazi ake ankagwera mkazi, ankagwera mwamuna, makamaka mkamwini wokhala kwa eni ake ngati alamu anga, ndipo ankagweranso akuluakulu a pakhomopo, amene ankaoneka ngati sanawalangize ana awo. Kuwonjezera apo, aliyense ankakhulupirira kuti mkaka wa mayi wapakati ndi wowonongeka, ndipo mwana akapitiriza kuyamwa amadwala. Motero amayi analamula kuti Dominiko asiye bere tsiku lomwelo. A Veronika anapaka tsabola kumawere, misozi ili m'masaya, ndipo mwana anamusamutsira kunyumba kwa amayi kuti asamamve fungo la mayi wake. Ankamupatsa phala lamadzimadzi la mgaiwa. Kusikelo anasiya kupita naye, poopa kuti amayi anzawo afunsa chifukwa chake sakuyamwa.

Popita kusukulu ndinasiya mwana wonenepa, woti ukamubereka msana umamva. Pobwera ndinapeza mwana wopepuka ngati mtolo wa udzu wouma. Anali atayamba kutsegula m'mimba, maso atalowa, liwombo nalonso litalowa. Amayi ankamumata pa liwombopo mankhwala a mizu yosinja, ndipo madzi ankamupatsa ochepa, ati madzi amawonjezera kutsegulako.

Kusukulu tinali titaphunzira za matenda amenewa, ndipo funso lake ndinalikhoza pamayeso: mwana wotsegula m'mimba apatsidwe madzi owiritsa osakaniza ndi shuga ndi mchere pang'ono, apitirize kuyamwa, ndipo liwombo likalowa athamangire naye kuchipatala. Ndinawauza amayi kamodzi kokha.

"Zimenezo n'za kutsegula wamba," anatero. "Uyu anayamwa mkaka woipa tisanadziwe. Achipatala akangomutukwana mkulu wako pagulu, basi."

Sindinatsutse. Zakusukulu ndinkazisunga m'makope, zapakhomo ndinkazisiyira akuluakulu, ndipo sindinkaona kuti ziwirizi zingakumane pa mwana mmodzi.

Lamulungu lina titamaliza mapemphero, mkulu wa mpingo analengeza kuti Lachitatu kubwera anthu a kafukufuku wa zaumoyo, amene adzayende khomo ndi khomo kufunsa amayi a ana aang'ono mmene amasamalira ana awo. Anthu anakumbukira oyendera aja akale, amene ankasuzumira m'zimbudzi n'kulemba maina a mabanja auve, ndipo mudzi wonse unatekeseka. Tinazira makonde, tinakumba maenje a zinyalala, amuna anamanga mathandala oyanikapo mbale ndi mitengo yaiwisi, masamba ake asanafote n'komwe. Atsibweni anasema chivundikiro cha chimbudzi pa thabwa la paini, ndipo popeza chinali chimodzi chokha pa mbumba yonse, panagwirizanidwa kuti alendo akamatsazika pakhomo lina, chivundikirocho chizidzera kuseri n'kukawadikirira pakhomo lotsatira. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Lachiwiri masana atsibweni anatiitana, ine ndi a Veronika, pansi pa mtengo wa mapichesi.

"Iwe Rufina, wa sekondale pamudzi pano si iwe? Mawa ndi tsiku lako. Uwaphunzitse akulu akowa zoyankha, asakatichititse manyazi pamaso pa anthu a ku Lilongwe."

Sindibisa, ndinamva kukoma. Kanali koyamba kuti mwini mbumba andipatse ntchito yoti akulu anga sangaithe. Ndinakhala tsonga ngati mphunzitsi.

"Madzi akumwa mumatani nawo?"

"Timatunga kuchitsime."

"Ayi, achemwali. Muziti timawiritsa."

"Ndi nkhuni ziti, mvula ili chonchiyi?"

"Zilibe kanthu. Muziti timawiritsa, n'kuvundikira."

"Chabwino, aphunzitsi," anatero a Veronika, akuseka pang'ono. Chaka chimenecho sindinawamvenso akuseka.

Tinadutsa mafunso onse amene ndinkaganiza kuti angafunsidwe: za kusamba m'manja, za katemera, za phala, za kutsegula m'mimba. Titamaliza, a Veronika anafunsa motsitsa mawu, maso ali pa ine osati pa atsibweni.

"Nanga akafuna kumuona mwana?"

"Mwana asaoneke," anayankha atsibweni. "Akamuona afunsa chimene waondera. Akafunsa, mimbayo idziwika, ndipo zikalembedwa m'mabuku a boma kuti kwa Sikisito amatumbiza. Mkamwini wathu uja akamva kuti dzina lake lafika ku Lilongwe, mukuti adzapondanso pano? Adzangokhalira kuphiri komweko."

Ndikufuna kuti amene adzawerenge izi asawaone atsibweni anga ngati munthu wouma mtima. Ankamukonda Dominiko, ndi iwo amene ankamukhazika pabondo n'kumamuyimbira atabwera kumunda. Chimene ankateteza chinali ukwati wa mwana wa mlongo wawo, ndipo m'maganizo mwawo mwanayo anali akulandira kale mankhwala oyenera matenda ake. Munthu mmodzi yekha pansi pa mtengo umenewo ndi amene anali ataphunzira tanthauzo la liwombo lolowa, ndipo munthuyo ndinali ine.

Lachitatu alendo anasiya galimoto yawo kumsewu, kumunsi, chifukwa njira yokwera kwathu inali yoterera. Anafika awiri: bambo wina wonyamula sikelo yopachika, ndi mayi wachitsikana atavala majombo, chitenje atamanga pamwamba pa siketi, mapepala atawakulunga m'pulasitiki. Anati iwo ndi aNambewe. Mpando umene tinawakonzera anaukana, n'kukhala pamphasa pamodzi ndi ife, miyendo atatambasula ngati munthu wa pamudzi pomwepo. Bambo uja anapachika sikelo pa nthambi ya mtengo wa mapichesi n'kuima patali. ANambewe anapempha mwaulemu ngati angacheze ndi mayi wa mwana paokha.

"Pano palibe zachinsinsi, mayi," anatero atsibweni akuseka, atakhala kumapeto kwa khonde. "Ine ndine mwini mbumba. Chimene angayankhe uyu ndachimva kale."

ANambewe sanaumirire. Anatembenukira kwa a Veronika.

"Ife sitinabwere kudzayendera ukhondo, ndipo maina sitilemba. Palibe yankho lolakwa. Tikufuna timve zimene mumachitadi, osati zimene munamva kuti n'zoyenera, kuti amene amakonza zothandiza ana adziwe poyambira."

Mawu amenewo ndinawamva bwinobwino, koma ndinawatenga ngati aja amanena aphunzitsi asanagawe mapepala a mayeso, oti musaope, mafunso ake ndi osavuta.

Mafunso anayamba. A Veronika ankayankha atazolika, akutosatosa mphasa ndi chala, ndipo akakakamira pang'ono ankandiyang'ana, ine n'kumaliza. Madzi timawiritsa. M'manja timasamba ndi sopo. Kusikelo timapita mwezi uliwonse, kungoti khadi latsekeredwa m'sutikesi ya alamu. ANambewe ankachonga ndi pensulo, osafulumira.

"Mwana akuyamwabe?"

A Veronika anali atamanga zitenje ziwiri, chimodzi chofika m'chifuwa.

"Akuyamwa," ndinatero.

"Ndafunsa mayi wa mwana, mng'ono wanga."

"Akuyamwa," anatero a Veronika, mawu osamveka bwino.

"Masabata awiri apitawa watsegulako m'mimba?"

"Ayi."

"Nanga atati watsegula, mungatani?"

Apa sindinadikire. Ndinalakatula zonse monga zinalili m'kope: madzi owiritsa, shuga, mchere pang'ono, kupitiriza kuyamwitsa, kuthamangira kuchipatala liwombo likalowa. ANambewe anamwetulira.

"Koma ndiye mwaloweza," anatero. Ine ndinayesa akundiyamikira.

Nthawi yonseyi khutu langa linali kuchitseko. Pakati pa msana wanga ndi pamene Dominiko anagona panali khoma la dothi lokha. Ndinkaopa kuti alira, bodza lathu n'kuululika. Sanalire. Mphindi zonse zimene alendo anakhala pakhonde paja mwanayo sanatulutse liwu, ndipo ine mumtima ndinkathokoza Mulungu kuti wagona. Zinanditengera zaka kuti ndivomereze kuti sanali m'tulo. Mphamvu zolirira zinali zitamuthera.

"Tsopano timuone mwanayo, timukweze pasikelo."

Funso limeneli sindinalikonzere yankho. Amayi anayang'ana pansi. Atsibweni anatsokomola. A Veronika anasiya kutosa mphasa n'kukweza maso, kundiyang'ana ine. Bodza linabwera lokha, losalala, ngati kuti linali likudikira pakamwa.

"Apita naye agogo ake akuchimuna ku Chimbiya."

"Mwana woyamwa?"

"Abwera naye madzulo ano. Amadya phala kwambiri."

ANambewe anayang'ana kumpanda wa maluwa kumbali kwa nyumba, kumene tinayanika matewera ndi tinsanza tochapa m'mawa womwewo. Bwalo tinasesa, khonde tinazira, koma zimenezo tinaiwala kuchotsa, ndipo zinali zochuluka kuposa zimene mwana wabwinobwino angadetse tsiku limodzi. Analemba kanthu m'mphepete mwa pepala, n'kulitseka. Bambo uja anamasula sikelo yake osaigwiritsa ntchito.

Popeza khomo lathu linali lomaliza, amayi anadzaza dengu ndi mapichesi ndi mbatata ya kachewere, n'kundituma kuti ndisenze, ndiwaperekeze alendo kumsewu. Titafika kumadimba, pamene njira imadutsa pa mlatho wa mitengo iwiri, aNambewe anamusiya bambo uja kuti atsogole, iwo n'kuima.

"Rufina, ukufuna kudzakhala ndani ukamaliza sukulu?"

"Namwino."

"Chabwino. Tamvera tsono, anamwino. Ine ndili ndi mwana wanga kunyumba, ndipo matewera a mwana wodwala ndimawadziwa. Sindine wapolisi, pepala lija ndatseka kale. Galimoto yathu ikutsikira ku Boma, idutsa pakhomo penipeni pa chipatala, ndipo malo alimo. Ngati pali mwana woti akwere, ine ndidikira pompano, iwe tula denguli uthamange ukamutenge ndi mayi wake."

Ndikutha kukumbukira phokoso la madzi pansi pa mlathowo, ndi fungo la mapichesi akupsa pamutu panga. Mumtima mwanga munali zinthu zitatu. Choyamba chinali mawu a atsibweni. Chachiwiri chinali manyazi a akulu anga. Chachitatu chinali changachanga: ndikanavomera, mayi uyu, amene anandimwetulira pamaso pa abale anga, akanadziwa kuti mtsikana wa sekondale uja ndi wabodza. Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti ndinamvera atsibweni. Lero, tsitsi litayamba kuyera, ndikulemba poyera kuti chimene chinalemera koposa chinali chachitatucho.

"Kwathu kulibe mwana wodwala," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine maso ali pa majombo awo. Kenako anapisa m'chikwama n'kutulutsa timapaketi tiwiri ta mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi.

"Kamodzi usungunule m'lita imodzi ya madzi owiritsa. Uzimumwetsa ndi sipuni, pang'onopang'ono, ngakhale asanze. Ndamva kuti si za kwanu. Usungire aneba."

Ngakhale pamenepo anandisungira ulemu. Ndinawafikitsa kugalimoto, ndinatula dengu, ndinagwada potsazika monga ndinaphunzitsidwira. Galimoto inatsika chitunda mipando yakumbuyo ili yopanda munthu.

Kunyumba ndinapeza chikondwerero. Chivundikiro chija chinali chitayenda makomo asanu osagwidwa, ndipo atsibweni ankauza aliyense wodutsa za ine.

"Mwamuona mwana wa sekondale? Wawazunguza mitu a ku Lilongwe! Mafunso onse ngati akumwa madzi!"

A Veronika sanali pagulupo. Alendo atangotembenuka analowa kuchipinda kuja, ndipo sanatulukemo mpaka dzuwa kupendeka.

Timapaketi tija ndinatibisa m'chikwama changa cha sukulu tsiku lonse limenelo, chifukwa kutitulutsa kukanasonyeza kuti mlendo uja sanapusitsidwe. Lachinayi, amayi atapita kumunda, ndinawiritsa madzi n'kusungunula kamodzi. A Veronika anamufukata mwana, ine ndikumumwetsa. Sanandifunse kumene ndinatenga mankhwalawo. Masipuni oyamba anameza, koma ambiri ankangoyenderera patsaya n'kunyowetsa chitenje cha mayi wake. Maso ake anali otseguka mwatheka, ndipo khungu la pamimba ukalitsina linkakhala choimirira.

Lachisanu m'mawa amayi anamuyang'ana mdzukulu wawo, n'kupukuta okha mankhwala aja pa liwombo.

"Tiyeni naye kuchipatala," anatero. "Anene zimene anganene."

Tinanyamuka atatu, nkhungu isanachoke m'zigwa. Poyamba anabereka a Veronika, koma ndi pakati paja chitunda choyamba chinawathetsa mpweya, ndipo amayi anamusamutsira kumsana kwanga. Ndinkamva mpweya wake pakhosi panga, wofunda, waufupiufupi. Ndinkayenda mofulumira, ndikuwasiya amayi ndi akulu anga kumbuyo, ndikubwereza mumtima mayankho onse aja ngati pemphero. Tinawoloka mtsinje, tinakwera chitunda chachiwiri, tinalowa m'mitengo ya bulugamu. Sindidziwa pamene zinachitikira. Ndinangozindikira kuti pakhosi panga pazizira, ndipo timiyendo take tikulendewera mosiyana ndi kale.

"Amayi, tamuonani. Wagona kodi?"

Amayi anafika, anatsegula chitenje, anaika dzanja pachifuwa pake. Anakhala choncho kanthawi. Kenako anakoka nsalu n'kumuphimba kumutu.

"Tembenuka," anatero. "Usalire panjira, mwana wanga. Tikalirira kwathu."

Kuchokera pamene tinaimapo, malata a chipatala ankaoneka kutsidya kwa chigwa, akunyezimira. Tinatembenuka. Amayi anafuna kumulandira koma ndinakana, ndipo sanandikakamize. A Veronika sanalire. Anayenda pambali panga atagwira kaphazi ka mwana wawo kamene kanatulukira kunsi kwa chitenje, ndipo sanakasiye mpaka tinafika pabwalo la amayi. Pamenepo m'pamene anagwa pansi.

Alamu anatsika kuphiri atasenza matabwa ocheka okha, ndipo bokosi anakhoma ndi manja awo. Pamaliropo mayi aliyense anaona kuti a Veronika ali ndi pakati. Chinsinsi chimene tinatsekera mwana kuchipinda chinakhala masiku awiri okha, kenako mudzi wonse unachidziwa, unanong'ona sabata imodzi, n'kuiwala. A Gervazio sanathawire kuphiri. Anakhala ndi akulu anga mpaka imfa inawatenga. Mwana amene anali m'mimbayo anabadwa wamkazi, Monika, ndipo lero ali ndi ana ake.

Unamwino sindinaufunenso. Ndinakhala mphunzitsi wa pulayimale, ndinakwatiwa, ndinabereka, ndipo ine ndi a Veronika tinakhala zaka zoposa makumi awiri tikulima moyandikana, tikulandirana pa maliro ndi pa maukwati, osatchulapo za Lachitatu lija ngakhale kamodzi. Anadzaitchula okha ali pa mphasa ya matenda amene anawatenga, ine ndikuwapesa tsitsi panja, padzuwa.

"Rufina, ukukumbukira mayi wa majombo uja?"

"Ndikukumbukira, achemwali."

"Pamene ananena kuti timuone mwanayo, ine mumtima ndinali nditadzuka kale. Ndikanangolowa n'kumutenga. Atsibweni akanakalipa, n'kutha. Koma ndinayang'ana iwe. Ndinati wasukulu ndiye akudziwa. Ngati iye akuti tibise, ndiye kuti matendawa sanafike poopsa."

Ananena zimenezi mopanda mkwiyo, ngati munthu wofotokoza njira imene anadzera. Ine ndinaika chipeso pansi n'kuwauza zimene sindinauzepo munthu: za pamlatho paja, za galimoto, za malo amene analimo, ndi yankho limene ndinapereka. Anayang'ana kumapiri.

"Unali mwana," anatero pomaliza.

Sananene kuti andikhululukira, sananenenso kuti sanandikhululukire. Anangondipempha kuti ndimalize kuwapesa.

Sindingalumbire kuti Dominiko akanachira akanakwera galimoto ija. Ndinafunsapo namwino wina, osatchula kuti mwanayo anali ndani, ndipo anandiyankha kuti kwa khanda lotha madzi m'thupi masiku awiri ndi nthawi yaitali kwambiri. Sindinafunsenso wina. Amayi sindiwaimba mlandu. Anachita zimene amayi awo anawaphunzitsa, ndipo ataona kuti zakanika anapukuta okha mankhwala awo n'kutsogolera ulendo. Atsibweni sindiwaimba mlandu. Kuyambira tsiku la maliro sanatchulenso za mayankho anga, ndipo ndinkawaona akulambalala khonde lija. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti nzeru yopulumutsira mwanayo inalipo pakhomo pathu, inali m'mutu mwanga, ndipo ine ndinaivala ngati diresi la alendo, loti akachoka ulipinde. Ndinkaganiza kuti munthu wofunsa amafuna kumva kuti tikudziwa. Mayi uja ankafuna kuona mwana.

Anthu a kafukufuku amabwerabe m'midzi yathu, tsopano ndi mafoni m'malo mwa mapepala, ndipo ndimaona amayi achitsikana akusesa mabwalo ndi kufunsana zoyenera kuyankha. Ndikawapeza ndimawauza kuti asese ndithu, mlendo ndi wofunika ulemu, koma akafunsidwa anene zimene zili m'nyumba. Ena amandimvera, ena amaseka, ati agogo aphunzitsi ayamba ulaliki. Sindiwauza chifukwa chake. Pakamwa pamakanika, n'chifukwa chake ndalemba.

Kwinakwake, ngati chiswe sichinadye, kuli pepala lonena kuti pakhomo lina kumapiri a Dedza kunali mwana wa miyezi khumi woyamwa bwino, womwa madzi owiritsa, wosatsegula m'mimba, amene tsikulo anapita kukacheza ku Chimbiya. Pepala limenelo linawerengedwa pamodzi ndi ena, ndipo mwina wina anakhutira kuti amayi a kwathu akudziwa zonse ndipo safunika thandizo. Mawu ake ndi anga, ndipo sindingathe kukawafufuta.

Choncho ndikupempha inu ana anga, ndi inu ana a Monika, amene mwa chibale chathu ndinu zidzukulu zanga, kuti zimene ndalembazi muzisunge, musazitaye pokonza m'nyumba ine ndikadzapita, ndipo musachotsemo dzina langa pofuna kundisungira ulemu. Likhale yankho langa lenileni kwa aNambewe, ngakhale lachedwa. Dominiko, mwana wa Veronika ndi Gervazio, anali atasiyitsidwa bere. Madzi sitinkawiritsa. Anali akutsegula m'mimba. Sanapite ku Chimbiya. Anali kuseri kwa chitseko, ndipo galimoto inamudikira pamsewu.